Nyenyezi Yozondoka pa Khoma la Thanthwe

Abale inu, ngati mu Blantyre muno munali nyumba imene inanenedwa miseche kuposa mkazi wachiwiri, ndiye ndi Hotela ya Thanthwe. Inali pakati penipeni pa tauni. Pansi mashopu, pamwamba pake malo odyera ndi timaofesi, kumwamba zedi zipinda zogona, zochepa koma zodula. Vuto lake linali limodzi basi: inalibe pulasitala, inalibe penti. Konkire yekhayekha wotuwa ngati njovu, mizere ya matabwa amene anaumbira ikuonekera poyera, mpaka mfundo za mtengo umatha kuzikhudza ndi chala. Mazenera anabisala kuseri kwa zipilala kuti dzuwa lisalowe. M'mphepete mwa khonde la m'mwamba munali chibwato chachitali cha konkire chodzaza dothi, m'mene munamera maluwa olendewera mpaka pa zitseko za mashopu. M'kati mumazizira bwino ngakhale mu Okutobala, koma ndani amasamala za kuzizira? Anthu a m'basi ankailoza n'kumaseka, ndipo anaipatsa dzina lawolawo: Sinathe.

Mwini wake anali a Hamdani, amalonda a ku Limbe, ndipo ankainyadira ngati mwana wachisamba. Amene anajambula pulani yake anali a Maurice Khembo a ku Nsanje, ophunzira kunja. Amenewo ukawafunsa kuti penti abwera liti, ankakuyang'ana ngati wawatukwanira amayi awo.

Tsono m'zaka zimenezo, nyumba ikaoneka yakutha kapena yosamalizidwa m'tauni, ankabwera anthu a boma n'kujambulapo nyenyezi yofiira. Tanthauzo lake ngakhale mwana ankalidziwa: konza, apo ayi tigwetsa. Panalibe zofunsana.

M'mawa wa pa 4 Malichi, Thanthwe inadzuka ili ndi nyenyezi pamphumi.

A Hamdani anatsika m'galimoto, anayang'ana kumwamba, anavula chipewa, n'kugwa pomwepo ngati thumba la nyemba. Pofika nawo kuchipatala mbali imodzi ya thupi inali itafa, pakamwa patapotoka. Kenaka kunabwera bambo wina wa ku ofesi ya nyenyezizo, anayang'ana khomalo kanthawi, n'kunena kuti, "Iyi si yathu."

Eee, pamenepo ndiye nkhani inawola! Ndiye kuti wina anabera boma chizindikiro. Komanso anachita zimenezi dzulo lake, pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira ofera dziko, limene munthu sunkaloledwa kugwira ntchito iliyonse. Kulima ayi, kuchapa ayi, kugulitsa ayi. Aliyense ankadzitsekera m'nyumba, wailesi ikulira nyimbo za maliro, tauni yonse zii ngati kumanda. Achinyamata a chipani sanachedwe kukumbukira kuti a Maurice tsiku lina atalawako ananena m'bala kuti, "Aike nyenyezi zonse za kumwamba, nyumba yanga siipakidwa penti." Dzuwa lisanafike pamutu, a Maurice anali m'chitolokosi.

Nkhaniyi inagwera a Sajeni Gervazio Semba. Amenewa ankakhala ku Nkolokosa okhaokha, akazi awo anapita kumudzi kukakolola thonje n'kuiwala njira yobwerera. Anali ndi mutu wakuthwa koma mtima wofewa ngati papaya lakupsa, ndipo anthu ankati n'chifukwa chake anamera imvi akadali sajeni.

"Gervazio," anatero mkulu wa pa polisipo osadzutsa n'komwe mutu, "nkhani iyi si yathu. Mawa abwera eni ake kudzamutenga."

Eni ake. Sanatchule kuti ndani, ndipo panalibe chifukwa chotchulira. Anali anthu aja a Landirova, amene akatenga munthu, abale ake ankangosiya kutchula dzina lake pagulu.

"Nanga ngati si iyeyo, bwana?"

"Ngati si iyeyo, bweretsa amene ali iyeyo iwo asanafike. Apo ayi usandisokose."

Pabenchi ya panja panakhala a Bertha, akazi a Maurice, maso ali psuu. Atangoona a Sajeni anadzuka n'kuwagwira malaya.

"A Sajeni, ndinu a kwathu ku Nsanje inu, mundimvere. Bambo anali kunyumba ku Chinyonga tsiku lonse. Ngakhale ndevu sanamete poopa kuti kumeta nayo ndi ntchito."

"Alipo wina anawaona, kupatula inu?"

"Ndani amaona mnzake tsiku limenelo? Aliyense anatseka chitseko chake."

Vuto linali limenelo. Tsiku limenelo Blantyre yense anali kunyumba, ndipo Blantyre yense analibe mboni.

*

M'chitolokosi a Maurice anakhala pansi, opanda nsapato, opanda lamba, opanda magalasi. Munthu amene ankayenda ndi tayi ngakhale Loweruka! Anayang'ana a Sajeni motsinzinira.

"Mawu aja a m'bala munanenadi?" a Sajeni anafunsa.

"Ndinanena. Pakamwa panga ndi pamene pandipha. Koma Sajeni, taganizani bwino. Konkire uja ndi waludzu. Chilichonse mungapakepo amamwa, sichichokanso. Matabwa oumbira ndinasankha ndekha limodzilimodzi, ndinakangana ndi anthu a simenti a ku Makata mpaka anandithamangitsa m'fakitale, kuti mtundu wa simenti ukhale umodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ine ndingadetse khoma limenelo? Bola ndidule dzanjali."

"Mukanangoipaka laimu, bwenzi muli kunyumba."

"Nyumba yopakidwa ili ngati munthu wodzola kuti abise zipere. Yanga ilibe chobisa. Mwa anthu onse, a Hamdani okha ndi amene anandimvetsa. Ali bwanji?"

"Sakuyankhula. Ndiuzeni, ndani amadana nayo nyumbayi?"

A Maurice anaseka kuseka kopanda mano. "Yambani ndi okwera basi."

A Sajeni atatembenuka kuti azipita, a Maurice anawaitana ndi mawu ena, aang'ono, osati a munthu wophunzira kunja aja. "Mbale wanga, n'zoona kuti abwera mawa?"

A Sajeni anangokhoma chitseko pang'onopang'ono.

*

A Sajeni anaima tsidya lina la msewu wa pa Thanthwe, manja kumbuyo, kuyang'ana nyenyeziyo. Nyenyezi za boma anali ataziona zambirimbiri. Zonse zimakhala pafupi ndi chitseko, pamsinkhu wa phewa la munthu, chifukwa wojambulayo amaima mumsewu. Mutu umodzi m'mwamba, miyendo iwiri pansi. Koma iyi inali kumwamba, pamimba pa chibwato cha maluwa chija, ndipo inali yozondoka. Mutu pansi, miyendo m'mwamba ngati nyanga za mbuzi.

Anakwera masitepe mpaka pakhonde la m'mwamba. Pamwamba penipeni pa nyenyeziyo maluwa anali othyoka, ndipo m'dothi munali timaenje tiwiri toyandikana. Maondo. Maondo aang'ono. A Sajeni anagwada pambali pake, anawerama mutu kulozetsa pansi ngati mleme, ndipo taonani, nyenyezi ija inaoneka yoongoka bwinobwino! Wojambulayo sanakwere makwerero mumsewu ayi. Anali m'kati mwa nyumba, anawerama kuchokera pamwamba, n'kujambula monga mmene maso ake ankaonera.

Anatambasula dzanja n'kukhudza. Chala chinabwera chofiira, chonona. Ananunkhiza.

Sanali penti. Anali polishi wa pansi, wosungunula ndi parafini.

*

Oyang'anira zokolopa pa hotelapo anali a Dailesi, mayi wamfupi wa ku Bangwe amene pakamwa pake pankathamanga kuposa miyendo.

"Ine musandilowetse m'nkhani, bwana, ndili ndi ana, bambo awo ndi uja mukumudziwa, ntchito yake ndi bawo. Dzulo ndinali kunyumba, ngakhale kusesa sindinasese, funsani aliyense. Ayi, musafunse, nawonso anali kwawo."

"Polishi mumasunga kuti?"

"M'kachipinda ka pansi pa masitepe. Iii, inunso mwadziwa bwanji? Chitini chatsopano chasowa, bwana! Ndimati ndinene, koma ndi za bwana kugwa zija ndinati Dailesi tseka pakamwa, anthu akulira iwe uzikamba za polishi?"

"Loko anathyola?"

"Loko ali bwinobwino. Kiyi wanga ndi uyu, ndimagona naye m'chiuno, ngakhale bambo a kunyumba sanamugwirepo. Kiyi winayo amasunga amayi."

"Amayi ake ati?"

"A Mwanakombo, akazi a bwana. Koma amenewo asiyeni, ali ndi zawo zowawa." A Dailesi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu, ngakhale nkhope inkaoneka kuti yakhala ikudikira wofunsa kuyambira m'mawa. "Simunamve za ukwati wa Aminatu? Mwana wawo mmodzi yekhayo? Mwezi watha kunabwera apongozi kudzaona malo a phwando. Anthu a ndalama zawo, magalimoto mbwee. Ndiye azakhali a mnyamata, chimayi chonenepa cha golide mpaka m'mano, anakhudza khoma, n'kupukuta dzanja pa nsalu, amvekere, 'Ndiye ukwati tichitira m'chigayo?' Ine ndili pomwepo ndi chikolopa changa! Sanathere pomwepo. Akuti, 'Bambo wolephera kumaliza nyumba, kaya mwana anamaliza kumulera?'"

"A Hamdani anati chiyani?"

"Anaseka! Akuti nyumba imeneyi inatha kalekale, amene sanathe ndi maso a azakhaliwo. Koma amayi analira kukhitchini mpaka anyezi anachita manyazi. Kuyambira tsiku limenelo apongozi angoti zii, tsiku la ukwati sakulitchulanso. Amayi anawagwadira amuna awo, bwana, ndinaona ndi maso angawa. Akuti pakani ngakhale kutsogolo kokha. Bwana akuti bola kufa." A Dailesi anadzigwira pakamwa. "Iii, Mulungu andikhululukire."

"Dzulo kunali ndani kuno?"

"Palibe. Alendo kunalibe, tonse anatipatsa tchuthi. Mlonda anadzitsekera m'kanyumba kake kuseri, ameneyo ngakhale mutanyamula hotela yonse angadzamve mawa lake."

A Sajeni anatsika. Akudutsa pakhonde la mashopu, anaona njinga yakuda yotsamira chipilala, kuseri kwa maluwa olendewera aja. Anaidutsa, kenaka anabwerera. Pachishalo ndi pa kaliyala panali madontho ofiira, ouma kale.

*

Njingayo inali ya a Twaha, telala wa shopu ya pakona. Anali bambo woonda, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Ataona yunifolomu anatsala pang'ono kumeza mapiniwo.

"Wallahi bwana, dzulo ndinali kwathu. Ndinagona tsiku lonse, mutu unkandiwawa."

"Pepani ndi mutuwo. Nanga njinga yanu inabwera yokha kutauni?"

"Njinga?"

"Polishi uja lero sakudontha, a Twaha, anauma dzulo lomwe. Njinga inadontheredwa nthawi imene nyenyezi inkajambulidwa."

A Twaha anakhala pansi pa mulu wa nsalu. "Bwana, ndikanena kuti ndinaona, andifunsa kuti unkatani kuno pa tsiku loletsedwa. Ndili ndi ana aang'ono."

"Ine sindinafunse zimene munkachita. Ndafunsa zimene munaona. Kuli munthu m'chitolokosi amene mawa akupita kosabwerera."

Telalayo analoza ndi chibwano diresi loyera lopachikidwa kuseri kwa katani. "La Aminatu. Amayi ake anandiuza kuti ndifulumire, akuti zonse zikonzeka posachedwa. Ndinabwera m'bandakucha, njinga ndinabisa m'maluwa, ndinadzitsekera. Makina sindinawagwire, amalira kwambiri. Ndinkangosoka mikanda ndi manja. Masana ndinamva tho, tho, tho, panja. Ndinasuzumira pa katani. Ndinaona ngati magazi akudontha kuchokera kumwamba. Ndinati Yarabi, apha munthu! Ndinayang'ana m'mwamba."

"Munaona nkhope?"

"Nkhope ayi, maluwa anatchinga. Ndinaona dzanja, lagwira chiguduli. Zibangili atazimanga ndi kansalu kuti zisalire. Ndi nsonga ya mpango wobiriwira ikulendewera."

"Mipango yobiriwira ilipo yambiri mu Blantyre."

"Umenewo ulipo umodzi, bwana. Ndinaupinda m'mphepete ndine, ndi ulusi wagolide." Misozi inayamba kutsika. "Anthu amenewa anandipatsa shopu ino ndilibe ngakhale sizasi yangayanga. Musandinenetse."

"Wa ndani, a Twaha?"

A Twaha anayang'ana kudenga, kumene kunali khitchini ya hotela.

*

Mvula inali itayamba. Pakati pa Thanthwe panali bwalo lopanda denga, ndipo madzi a padenga ankatsika m'mipopi ya konkire yotulukira kunja ngati malilime, n'kugwera m'kadziwe ka miyala. Kunena zoona, mvula ikamagwa malo amenewo ankakongola moti ngakhale azakhali a golide aja akanatseka pakamwa.

A Mwanakombo anali okha kukhitchini, akuthira phala m'fulasiki. Anali mayi wamtali, waulemu wake, woti akamadutsa ngakhale anyamata a pa siteji ya basi ankatsitsa mawu. Anavala mpango wakuda.

"Khalani pansi, a Sajeni. Tiyi?"

"Zikomo mayi, ndamwa kale. Dzulo munali kuti?"

"Bambo ndinawauza kuti ndikukagona kwa mng'ono wanga ku Nkolokosa."

"Ine ndimakhala ku Nkolokosa, mayi. Sindinafunse zimene munawauza bambo."

A Mwanakombo anatseka fulasiki bwinobwino, anaipukuta, anaiika m'dengu. Kenaka anatambasula manja onse awiri patebulo. M'mphepete mwa zikhadabo munali mofiira.

"Ndachapa ndi sopo, ndachapa ndi mandimu, ndi phulusa lomwe," anatero. "Sakuchoka."

A Sajeni anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Ndinkaganiza kuti bambo achita mantha pang'ono chabe," mayiwo anapitiriza, mawu ali phee ngati akukamba za munthu wina. "Aona nyenyezi, aitana anthu a penti, nyumba iyera, apongozi abwerera, mwana wanga akwatiwa. Basi. Ine ndinawapempha sanandimvere. Ndinati boma lokha ndi limene angalimvere. Ndipo ndinati palibe amene angapite ku ofesi kukafunsa ngati nyenyeziyo ndi yoona. Ndani amafunsa, a Sajeni? Inu munaonapo munthu akufunsa?"

"Sindinaonepo."

"Ndinasankha dzulo chifukwa mumsewu munalibe ngakhale galu. Sindinaganize n'komwe kuti kujambula nayo ndi ntchito." Anapukusa mutu. "Zaka zonsezi ndakhala nawo bambo amenewa, ndimadziwa nsapato imene imawapweteka, ndimadziwa akamanama kuti akhuta. Koma sindinadziwe kuti nyumba ino ndiye mtima wawo. Ndinkayesa ndi makani chabe."

"Mukudziwa kuti a Maurice ali m'chitolokosi?"

Apa ndiye nkhope ija inasweka. "Ndamva masana ano. Ndinanyamuka kuti ndibwere kwa inu, ndinafika pa chipata, n'kubwerera. Mwana uja amanditchula kuti amayi. Akabwera kuno amadya m'khitchini muno, pampando mwakhalapo inupo."

"Mawa abwera kudzawatenga. Mukudziwa kuti mukanena, amene atengedwe ndinu?"

"Ndikudziwa. Tiyeni." Anaimirira, kenaka anayang'ana dengu lija. "Koma a Sajeni, ndikupempheni chinthu chimodzi. Bambo sakulandira chakudya kwa anamwino, ngakhale kwa Aminatu. Akulandira kwa ine ndekha. Mundilole ndikawamwetse phalali, ndiwauze ndi pakamwa panga. Asadzamve kwa anthu. Tikachoka kumeneko, mundiperekeze kulikonse."

Polisi inali pafupi, ulendo wapansi. Chipatala chinali mbali ina. A Sajeni anayang'ana kunja, dzuwa linali likadalipo kuseri kwa mitambo. Bwana anati mawa. Mawa ndi mawa. Munthu angakanize bwanji mkazi kukatsanzikana ndi mwamuna wake?

"Tiyeni kuchipatala," anatero, n'kunyamula dengulo okha.

Anthu a ku Nkolokosa amati mpaka kupuma ntchito, a Sajeni ukawatchulira madzulo amenewo ankangodzuka n'kulowa m'nyumba.

*

A Sajeni anadikira pakhonde la wodi, akuonera pa chitseko. A Mwanakombo anakhala pabedi, anakweza mutu wa amuna awo, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono. Phala lina linkatayikira kumbali yopotoka ija, iwo n'kumapukuta ndi nsonga ya mpango. Zinatenga nthawi, abale. Supuni iliyonse inali nkhondo.

Atatha, anawerama n'kuyankhula m'khutu mwawo. Anayankhula nthawi yaitali. A Hamdani anangoti maso tong'o kudenga. Kenaka dzanja lawo lamoyo lija linayenda pabulangeti, linapeza dzanja la akazi awo, linalikweza pafupi ndi maso. Anayang'ana zikhadabo zija. A Sajeni ankayesa alikankha. Koma analigwira zolimba n'kuliika pachifuwa, osalisiya.

Ndani akanalowa pamenepo n'kunena kuti nthawi yatha? A Sajeni anayang'ana kumbali.

A Hamdani atagona tulo, mayiwo anasolola dzanja, anaitana Aminatu amene anali atakhala pakona, anavula zibangili n'kumuveka, anamupatsa makiyi onse. Mtsikanayo ankangofunsa kuti, "Amayi, mukupita kuti? Amayi?" Iwo anangoti, "Phala uziliziziritsa kaye, sakonda lotentha."

Potuluka mvula inali itakula, mabasi odzaza, madzi mumsewu mpaka m'maondo mwa ana. Anafika pa polisi magetsi a mumsewu akuyamba kuyaka.

*

"Dikirani pano, mayi," anatero a Sajeni pakhonde, n'kulowa.

Chitseko cha chitolokosi chinali chotsegula. M'kati munalibe munthu.

Anathamangira ku ofesi ya bwana osagogoda n'komwe. "Bwana, a Maurice ali kuti?"

"Apita."

"Munati mawa!"

"Ndinati mawa, iwo anati lero. Galimoto inali kale m'tauni, akanawonongeranji mafuta kawiri? Angotuluka kumene pa geti la kuseri. Ukanabwera tiyi wa madzulo asanazizire, ukanawapeza."

"Bwana, munthu uja ndi wosalakwa. Wolakwa ndabwera naye, ali panjapo, wavomera yekha. Imbani foni, awabweze."

Bwanayo anavula magalasi, anadzuka, anakatseka chitseko. Anayankhula motsitsa, ndipo sanali wokalipa ayi.

"Gervazio, ndiimbe ndinene chiyani? Kuti atenga munthu wolakwika? Unamvapo kuti anthu amene aja analakwitsa? Munthu akanakhala m'manja mwathu, bwenzi ndikumutulutsa pompano. Koma wadutsa geti. Ukapereka dzina lina, sasinthanitsa ayi, amawonjezera. Atenga amene wabwera nayeyo, atenga mboni yako, anena kuti anali gulu. Kenaka adzafunsa kuti sajeni amene akutsutsa ntchito yawoyu kwawo n'kuti." Anabwerera pampando. "Amene ali panjayo sindinamuone, ndipo dzina lake usandiuze."

A Sajeni anaima pamenepo, madzi akudontha kuchokera m'malaya mpaka pansi. Anaganiza za telala ndi ana ake. Anaganiza za bambo wogona kuchipatala amene salandira supuni kwa wina aliyense. Anaganiza za mphambano ya njira ya ku polisi ndi ya kuchipatala, pamene akanakhotera kumanja iwo n'kukhotera kumanzere atanyamula dengu.

Anatuluka.

A Mwanakombo anali chiimire pomwe anawasiya. "Ndilowe?"

"Pitani kunyumba, mayi."

"Ndabwera kudzanena."

"Kulibe woti amve. A Maurice awatenga kale. Mukanena, iwo sabwerera. Mungowonjezera anthu olira."

Mayiwo anagwira chipilala.

Nthawi yomweyo pa geti panalowa munthu akuthamanga, atafunda pepala la pulasitiki kumutu, kanthu atakakumbatira pachifuwa kuti kasanyowe. Anali a Bertha. Anali atapita ku Chinyonga kukatenga bulangeti. Ataona a Mwanakombo anaima, nkhope yonse inawala, anagwada pasimenti ponyowa pomwepo n'kuwagwira manja onse awiri.

"Amayi! Mwasiya odwala kuchipatala kubwera kudzatiyankhulira ife? Mulungu akudalitseni, amayi. Ndinawauza bambo kuti a kwa Hamdani sangatitaye. Inu akakumvani awatulutsa, si choncho a Sajeni?"

A Mwanakombo anayang'ana a Sajeni. A Sajeni anapukusa mutu pang'ono chabe, moti a Bertha sanaone.

"Mundipatsireko bulangetili," anatero a Bertha akudzuka. "Bambo aja sachedwa kugwidwa chifuwa, ndipo m'menemo ndamva kuti mumazizira. Muwauze kuti ndili panja pano, sindichoka."

A Sajeni analandira bulangetilo ndi manja awiri, n'kulowa nalo m'kati.